Magazi a Mlimi ndi Akuba Ake

Inu anyamata ndi asungwana a m'sukulu za sekondale, nkhani ya lero ndi yanu, ngakhale makolo anunso angathe kutolapo kanthu. Masiku onse ife alangizi timalankhula za mizere, manyowa ndi nkhokwe. Lero tiyambe tausiya mundawo, tiyang'ane mwini munda. Mphamvu imene munthu akwezera khasu iyenda m'magazi, ndipo magaziwo akachepa, mvula ingagwe bwino chotani, munda sulimidwa pa nthawi yake.

Njira yapafupi yophunzirira za m'kati mwa munthu ndiyo kuima pafupi pamene akulu akutumbula mbuzi. Ziwalo za mbuzi zifanana kwambiri ndi zathu, kupatula chifu, pakuti mbuzi imabzikula ndipo chifu chake chili ndi zipinda 4, pamene chathu ndi thumba limodzi. Pemphani mtima usanapite pamoto, muung'ambe kuchokera pamwamba kufika pansi. Mudzapeza zipinda 4, ziwiri pamwamba ndi ziwiri pansi, ndi khoma pakati lolekanitsa mbali ya kumanja ndi ya kumanzere. Tsinani khoma la chipinda cha pansi cha kumanzere, mudzamva kuti ndi lochindikala kwambiri kuposa linzake. Chifukwa chake mudzachimva tsopano apa.

Mtima wa munthu ndi waukulu ngati chibakera cha mwini wake, ndipo ukhala pakati pa chifuwa, utapendekera pang'ono kumanzere. Pocheza timati munthu waganiza mumtima, koma maganizo ali mu ubongo. Mtima ndi mnofu, ntchito yake kufinya basi. Magazi amene atha kuzungulira thupi abwera ali ofiira modera, nalowa mbali ya kumanja. Mbaliyo iwakankhira ku mapapo, kumene ataya mpweya woipa natenga mpweya wabwino umene m'mabuku anu autcha okosijeni. Pochoka kumeneko ali ofiira psu, nalowa mbali ya kumanzere, imene iwatumiza ku thupi lonse, kumutu mpaka ku chala cha kuphazi. Mapapo ali pafupi, phazi lili kutali, n'chifukwa chake mnofu wa kumanzere uli waukulu. Pa makomo a zipindazo pali tizitseko totseguka mbali imodzi yokha, ngati khomo la mono limene nsomba ilowa koma siitulukanso. Kugunda kumene mumamva mukaika khutu pa chifuwa cha mnzanu ndi tizitseko timeneti tikutsekeka.

Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana ngati malita 5, ndiko kuti chigubu chimodzi cha mafuta ophikira. Akakhala phee, mtima wake ugunda ngati ka 70 pa mphindi imodzi, pafupifupi ka 100,000 usana ndi usiku, ndipo pa mphindi imodziyo magazi okwana chigubu chonse chija adutsa mumtima.

Zimenezi sizinadziwike msanga. Kwa zaka mazanamazana madotolo a ku Ulaya ankaphunzitsa kuti chiwindi chimapanga magazi atsopano kuchokera ku chakudya, ndipo thupi limawamwa n'kuwatha monga nthaka imwera madzi. William Harvey, dotolo wa ku England, ndiye anatsutsa zimenezo m'buku lake la mu 1628. Iye anawerengera magazi amene mtima utulutsa pa theka la ola, napeza kuti aposa magazi onse a m'thupi. Palibe munthu angadye chakudya chopanga magazi otere, chotero ayenera kukhala magazi omwewo amene akungozungulira. Ine ndimamkonda Harvey chifukwa anapambana mlandu ndi masamu, osati ndi pakamwa. Koma panali chinthu chimodzi chimene maso ake sanathe kuona, ndicho malo amene mitsempha yochoka kumtima ikumana ndi yobwerera. Anamwalira mu 1657, ndipo mu 1661 Marcello Malpighi wa ku Italy, poyang'ana mapapo a chule ndi galasi lokuza zinthu, anaona timitsempha tolumikizato. Timeneti ndi tating'ono kuposa tsitsi, ndipo tili ponseponse m'thupi. N'chifukwa chake paliponse pamene munga ungakulaseni, patuluka magazi.

Tsono kodi magaziwo anyamula chiyani? Mbali yaikulu ndi madzi, ndipo m'madzimo muyenda chakudya chochokera m'matumbo, ndi zonyansa zopita ku impso kuti zikatuluke ndi mkodzo. Mulinso maselo oyera, ndiwo asilikali omenyana ndi matenda, ndi tizidutswa tina timene tiumitsa magazi pa bala. Koma amene tifuna kukamba lero ndi maselo ofiira, timbale tating'onoting'ono timene tifiiritsa magazi. M'kadontho kochepa ngati mutu wa phini muli maselo otere pafupifupi 5 miliyoni, ndipo m'timitsempha tija adutsa limodzilimodzi, ngati anthu pa ulalo wa mtengo umodzi. M'selo lililonse muli chinthu chofiira chotchedwa hemoglobini, chimene chigwira okosijeni ku mapapo ndi kukamsiya ku minofu. Chogwiriracho ndi chitsulo. Musadabwe, ndi chitsulo chomwechi cha khasu, koma chosungunuka m'chakudya mwakuti maso sangachione.

Amene munaonapo wosula makasu mudzamva msanga. Wosula angathe kuunjika makala ambiri, koma popanda mphepo ya mvukuto chitsulo sichifiira. M'minofu mwathu nsima ndiyo makala, okosijeni ndiye mphepo. Chotero munthu angathe kudya mitanda isanu ya nsima, nakhuta ndithu, koma ngati maselo ofiira ali ochepa, mphepo siifika ndipo motowo ungofuka utsi.

Mawa mmawa tayesani ichi. Ikani zala ziwiri pa dzanja, pansi pa chala chachikulu pamene dzanja likumana ndi mkono, muwerenge kugunda kwa mphindi imodzi. Kenaka limani mizere iwiri mwamphamvu, muwerengenso. Mudzapeza kuti kwapitirira 100. Minofu yaitanitsa mphepo, ndipo mtima wayankha pothamangitsa magazi, mwina malita 15 kapena 20 pa mphindi. Mukapumula, mtima ubwerera pa mayendedwe ake. Koma munthu wochepa magazi mtima wake uthamanga chotero ngakhale pa ntchito yochepa, monga ngolo zikachepa pa nthawi yotuta, ng'ombe zomwezo zibwereza maulendo mpaka kulefuka. Munthu wotere apuma wefuwefu pa kachitunda kakang'ono, amva chizungulire akaweramuka, mutu umpweteka, nthawi zina mapazi atupa, ndipo ena alakalaka kudya dothi. Pamudzi amutcha waulesi, kapena ati amlodza. Kusukulu ati ndi wogona m'kalasi. Mwana wakeyo sanalakwe kanthu.

Magazi sapangidwa mumtima kapena m'chiwindi mwa munthu wamkulu, koma m'mafuta ofiira a m'kati mwa mafupa, makamaka nthiti, msana, fupa la pachifuwa ndi mafupa a m'chiuno. Selo lofiira likhala masiku ngati 120, nthawi yomwe chimanga chitenga kuchokera pobzala kufika pokhwima, ndipo kuti chiwerengero chisatsike, mafupa atulutsa maselo atsopano oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse. Maselo okalamba aphwanyidwa m'chiwindi ndi m'kapamba, chiwalo chija chili kumanzere pansi pa nthiti. Zotsala zake zachikasu zipita ku ndulu, koma chitsulo sichitayidwa, chibwezedwa ku mafupa kuti chikagwirenso ntchito, monga wosula asungira makasu akutha. Chitsulo chonse cha m'thupi la munthu wamkulu ndi magalamu 3 kapena 4 okha, kulemera kwa msomali umodzi, ndipo thupi lichisamala kwambiri. Chitayika chambiri pokhapokha magazi enieniwo akatuluka m'thupi. Amayi ndi asungwana, monga mudziwa, ataya magazi mwezi ndi mwezi, ndipo mayi wapakati apangira magazi anthu awiri, chotero iwo ndiwo oyamba kuchepekedwa. Koma palinso akuba amene sasankha mwamuna kapena mkazi.

Wakuba woyamba ndi kanjoka ka m'matumbo koyamwa magazi. Si njoka zazikulu zija zimene ana amatulutsa, iyayi, aka kutalika kwake ndi ngati sentimita imodzi, ndipo simungakaone kuchimbudzi. Mazira ake atuluka ndi chimbudzi cha munthu wodwala, naswa m'nthaka yonyowa ya pamthunzi, monga m'nthochi, m'dimba ndi kuseri kwa nyumba. Timphutsi take tiboola khungu la phazi lopanda nsapato, makamaka pakati pa zala, ndipo pamenepo payabwa masiku angapo. Amene anazindikira njira imeneyi ndi Arthur Looss, Mjeremani amene ankagwira ntchito ku Cairo m'zaka za m'ma 1890, pamene madzi okhala ndi timphutsi anamtayikira padzanja, ndipo pambuyo pake anapeza mazira m'chimbudzi chake. Taonani ulendo wa kamphutsiko, pakuti ndi ulendo womwe uja wa magazi. Kalowa mumtsempha, kakwera kufika mbali ya kumanja ya mtima, mtima nkukaponya ku mapapo. Kumeneko kaboola, kakwera kummero, munthu natsokomola pang'ono ndi kukameza. Kakafika m'matumbo aang'ono kaluma khoma la matumbo, ndipo malovu ake aletsa magazi kuundana, mwakuti kakasuntha, bala lakalelo lipitirira kukha.

Njoka 100 za mtundu wolusa zitha kutayitsa magazi odzaza supuni yaikulu tsiku lililonse. Supuni imodzi ioneka ngati yochepa, koma pa mwezi ndi pafupifupi theka la lita, ndipo njokazo zikhala m'mimba chaka kapena zaka. Alimi mudziwa kaufiti, momwe ayamwira mizu ya chimanga pansi pa nthaka, chimanga n'kupinimbira iye asanaonetse ndi duwa lomwe. Kanjokaka ndi kaufiti wa munthu.

Wachiwiri ndi malungo. Kachilombo kake kalowa m'kati mwenimweni mwa selo lofiira, kaswana momwemo mpaka selolo liphulika, ndipo maselo akaphulika ambiri nthawi imodzi ndi pamene munthu anjenjemera. Kapamba achulukidwa ntchito yochotsa zophwanyikazo natupa, ndicho chotupa chija mumachimva kumanzere kwa mimba ya mwana wodwaladwala malungo. Wachitatu ndi likodzo, limene Theodor Bilharz anapeza nyongolotsi yake ku Cairo komweko mu 1851. Ilo lichokera ku nkhono za m'madzi odikha, ndipo mazira ake abaya chikhodzodzo, magazi natuluka ndi mkodzo. Kwina anthu amati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti akukula. Sikukula kumeneko, ndi matenda, ndipo mankhwala ake alipo.

Tsono apa ndi pamene nkhaniyi ibwerera kumunda. Nsima ya ufa woyera ili ndi chitsulo chochepa, pakuti chambiri chatsala m'gaga ndi m'madzi onyikira mphale. Mgaiwa uposapo. Koma magazi enieni ali m'mbale ya ndiwo. Chitsulo chimene thupi lilandira mosavuta chili m'chiwindi, m'nyama, ndi m'nsomba zodyera pamodzi ndi mitu yomwe, monga usipa, matemba ndi kapenta. Ngumbi ndi mphalabungu musazinyoze. Chilinso mu nyemba, khobwe, nandolo, nzama ndi soya, ndi m'masamba obiriwira kwambiri monga bonongwe, chisoso, khwanya, nkhwani ndi chigwada, koma cha m'zomera chilowa movuta. Chipatso chowawasa, monga gwafa, lalanje, malambe kapena masau, chikadyedwa pa nthawi yomweyo ya nsima, chithandiza chitsulo cha m'masamba kulowa m'magazi. Tiyi achita zosiyana, achigwira chitsulocho kuti chingodutsa, chotero tiyi adikire ola limodzi kapena awiri mutadya. Soda wambiri m'ndiwo aononga mavitamini ena a m'masamba. Ndipo zakumwa zofiira za m'botolo, zimene anthu amagulira odwala poti ziwaonjezere magazi, ndi madzi, shuga ndi utoto chabe. Ndalamayo ikanagula usipa.

Chimene chimandidandaulitsa poyenda m'midzi ndi kuona banja litagulitsa nyemba zonse ndi mtedza wonse mwezi wa Meyi, n'kutsala ndi chimanga chokha. Pofika Disembala, ntchito ya kumunda ili pachimake, udzudzu wachuluka, nthaka yanyowa ndipo timphutsi tija tadzuka, m'nyumba mulibe ndiwo. Thumba limodzi la nyemba ndi chikwatu cha mfutso ziyenera kuikidwa padera wogula asanafike.

Komabe kudya bwino akuba ali m'kati kuli ngati kuthira madzi mumtsuko wobooka. Mankhwala a njoka ndi a likodzo amaperekedwa kuchipatala, ndipo nthawi zina m'sukulu. Musawabise m'thumba, imwani. Chimbudzi chikumbidwe mvula isanayambe, chikhale ndi chivundikiro, ndipo ana aang'ono nawonso achigwiritse ntchito, pakuti chimbudzi cha mwana chili ndi mazira omwewo. Nsapato, ngakhale za matayala, zitseka khomo la njoka. Gonani m'masikito. Mayi wapakati amwe mapiritsi a chitsulo amene alandira kusikelo, ndipo asaope akaona chimbudzi chada, ndi mmene mapiritsiwo achitira.

Oweta mbuzi adziwa kutsitsa chikope cha pansi cha mbuzi kuti aone ngati ili ndi njoka. M'kati mukakhala mofiira, mbuzi ili bwino, mukayera mbuu, magazi apita. Munthunso ndi chimodzimodzi. Inu a sukulu, mukapita kwanu pa tchuthi, tengani ang'ono anu mupite nawo panja powala, muyang'ane m'kati mwa chikope, lilime ndi zikhatho, muyerekeze ndi za munthu wamphamvu. Mukaona zayera, uzani makolo apite naye kuchipatala, kumene adzambaya pa chala ndi kuyeza hemoglobini uja, nayezanso chimbudzi ndi mkodzo. Ngati mwanayo akupuma movutika kapena mapazi atupa, asadikire tsiku la msika, apite tsiku lomwelo.

Sabata ya mawa tidzakamba za kafutsidwe ka masamba, ndi chifukwa chake mfutso uyenera kuyanikidwa pamthunzi. Tsalani bwino.