Ndege Zofufuza Miyala Zimaona Chiyani Pansi pa Mafamu?

Mafamu a ku Mashonaland m'dziko la Zimbabwe, kumene kumagwira ntchito ana ndi zidzukulu za Amalawi ambiri, ali pamwamba pa chuma. Mtandadza wa miyala wa Great Dyke, wotalika pafupifupi makilomita 550, umadutsa ku Mutorashanga, Darwendale ndi Selous, ndipo muli chrome ndi platinum. Pofuna kudziwa zimene zabisala pansi pa minda popanda kukumba, akatswiri amatumiza ndege.

Kaulukidwe kake

Ndegeyo imauluka motsika, n'kumapita ndi kubwerera m'mizere yowongoka ngati thirakitala ikugaula. Mizere ikayandikana, mapu amatuluka omveka bwino. M'zaka za m'ma 1980, dziko la Canada lidathandiza Zimbabwe kuchita kafukufuku wotere. Ku Malawi, kafukufuku wotere wotchedwa Kauniuni wa 2013, yemwe adagwiridwa ndi kampani ya Sander Geophysics, adasiya mamita 250 pakati pa mizere.

Kuyeza maginito

Kumchira kwa ndege kumakhala chipangizo chotchedwa magnetometer. Miyala yokhala ndi magnetite imasokoneza pang'ono mphamvu ya maginito ya dziko, ndipo chipangizochi chimalemba kusinthako ngakhale mwalawo uli pansi kwambiri. Poti mphamvuyi imasinthanso yokha tsiku likamayenda, china chimasiyidwa pansi kuti chikonzere manambala. Kumafamu, zigafa za malata, mapaipi a mthirira ndi nthambo za magetsi zimatha kunamiza chipangizochi, choncho akatswiri amazichotsa powerengera.

Kuyeza cheza cha m'nthaka

Chipangizo chachiwiri chimawerenga cheza cha gamma chochokera ku potaziyamu, thorium ndi uranium. Ichi sichilowa pansi: chimangomva dothi la pamwamba, masentimita 30 kapena kuposerapo pang'ono. Madzi amatsekereza chezachi, n'chifukwa chake ntchitoyi imakoma m'chilimwe, ndipo madamu amaoneka opanda kanthu pa mapu.

Apa mlimi amapindulanso. Dothi la mchenga lochokera ku granite, limene fodya amalikonda, limatulutsa cheza chambiri kusiyana ndi katondo wochokera ku dolerite, kotero mapu amasonyeza malire a mitundu ya dothi.

Zimene ndege singathe

Ndege siona golide. Imangosonyeza mitundu ya miyala ndi ming'alu imene miyala ya mtengo wapatali imakonda kupezekamo. Pambuyo pake pamafunika anthu oyenda pansi, kutola dothi ndi kuboola nthaka. Wina akakuuzani kuti ndege yapeza mgodi m'munda mwanu, mufunseni kaye zotsatira za kuboola.