Mvula yopeka yoyesera radar

Mwana akakuwa moyang'anizana ndi phiri, mawu ake amabwerera. Phirilo likakhala patali, mawuwo amachedwerapo. Radar yoona zanyengo imagwira ntchito mofananamo, koma iyo imatumiza mafunde a wailesi, amene amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Mafundewo akagunda madontho a mvula, ena amabwerera. Nthawi imene atenga imasonyeza mtunda wokafika pomwe pali mvulayo, mphamvu yawo imasonyeza kukula kwake, ndipo kusintha kwa mafundewo kumaulula ngati mvulayo ikuyandikira kapena ikutalikira.

Vuto ndi lakuti si mvula yokha imene imabweza mafunde. Mapiri, mitengo, nyumba ngakhale mbalame zimabwezanso, ndipo m'dera la mapiri ngati la Chiputo m'boma la Maravia zosokoneza zotere zingachuluke. Choncho kompyuta imayenera kupeta zimene radar yalandira, monga mayi amapetera chimanga m'lichero. Njira imodzi ndiyo kutaya chilichonse chimene sichikuyenda. Koma mvula yodutsa chopingasa, yosayandikira kapena kutalikira, imaoneka ngati yaima, ndipo ikhoza kutayidwa limodzi ndi phiri.

Nanga akatswiri amadziwa bwanji kuti njira yawo yopetera ndi yabwino? Mvula yeniyeni singawathandize mokwanira, chifukwa palibe amene amadziwa ndendende kuchuluka kwa madzi amene anali mumtambo. Ndiye amachita zimene mphunzitsi amachita pokonza mayeso: amayamba ndi yankho. Amauza kompyuta kuti ipeke mafunde obwerera kuchokera ku mvula ya mphamvu yakuti, yoyenda pa liwiro lakuti. Kenako amathiramo phiri lopeka ndi phokoso la makina, n'kupereka zonsezo kwa njira imene akuyesa. Amabwereza maulendo ambirimbiri, n'kumayerekeza zotsatira ndi yankho lija. Mu 1975, Dušan Zrnić wa ku National Severe Storms Laboratory ku Norman, Oklahoma, anafotokoza kapekedwe ka mafunde otere, ndipo njira yakeyo ikugwiritsidwabe ntchito.

Nkhaniyi ikukhudza miyoyo ya anthu. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadzaza mitsinje ya m'chigawo cha Tete, ndipo mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, pafupi ndi mzinda wa Tete, unagumuka. Mu 2023 bungwe loona zanyengo la INAM linakhala ndi radar yatsopano ku Beira. Komabe Maravia ili pa mtunda woposa makilomita 400 kuchokera kumeneko. Pa mtunda wotere mafunde amabwerera ofooka, komanso amadutsa pamwamba pa mitambo yambiri chifukwa dziko ndi lobulungira. Njira yopetera ikalakwitsa, chenjezo limachedwa, kapena limaperekedwa popanda chifukwa mpaka anthu amaleka kulikhulupirira.

Aphunzitsi angathe kuyesa mfundoyi ndi ana. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Ana ayambe ayeza mtunda wokafika pa thanthwe kapena khoma lalitali, kenako aombe m'manja ndi kuwerenga nthawi imene mawu atenga. Mawu akabwerera patatha sekondi imodzi, ayenda ulendo wopita ndi wobwera, ndiye kuti thanthwelo lili pa mamita 170. Poti ana akulidziwa kale yankho, aona okha ngati kawerengedwe kawo n'kodalirika.