Ntchito yoyendetsa thiraki kokumba mafuta ndi gasi: mvetsani izi musanagulitse katundu wanu

Mwezi uno anyamata angapo andionetsa uthenga wofanana wa pa WhatsApp. Uthengawo ukuti kampani yokumba mafuta ikufuna madalaivala mwachangu, malipiro ndi a madola, ndipo wofuna malo atumize kaye ndalama yolembetsera. Mmodzi anali atapeza kale wogula njinga yake. Ine ndinayendetsa mathiraki ndi matankala zaka zambiri ndisanafike pamsasa pano, choncho ndifotokoze mmene ntchitoyi imapezekera. Ntchitoyo ilipodi, koma khomo lake si la pa WhatsApp.

Kodi ntchitoyi ili kuti?

Si paliponse pokumbidwa mafuta pamene pamafunika mathiraki ambiri. Mafuta ambiri a ku Angola amapopedwa pansi pa nyanja, ndipo katundu amafika kumeneko pa sitima za pamadzi. Dalaivala amangogwira ntchito kumadoko monga Luanda ndi Soyo.

Ku Mozambique, kampani ya Sasol imatenga gasi ku Pande ndi ku Temane m'chigawo cha Inhambane, ndipo kuyambira 2004 gasiyo amayenda m'paipi mpaka ku Secunda ku South Africa. Ntchito ina yaikulu ya gasi ili ku Afungi, pafupi ndi Palma, m'chigawo cha Cabo Delgado. Kumbukirani kuti mu March 2021 zigawenga zinaukira tauni ya Palma, anthu ambiri anafa, ndipo kampani ya Total inaimitsa ntchito. Amene akukuuzani za malipiro a kumeneko osatchula za chitetezo, wakubisirani mbali yaikulu ya nkhani.

Ku Uganda mafuta ali kumtunda, pafupi ndi nyanja ya Albert, ku Tilenga ndi ku Kingfisher. Paipi yotchedwa EACOP, yotalika makilomita 1,443, ndi yonyamula mafutawo kuchokera ku Hoima kukafika pafupi ndi doko la Tanga ku Tanzania. Ntchito yotere imafuna magalimoto ambiri pa nthawi yomanga: onyamula mapaipi, simenti, madzi, dizilo, makina olemera ndi chakudya cha antchito. Kumanga kukatha, paipi ndiyo imanyamula, ndipo madalaivala ambiri amabwerera kwawo.

Wolemba ntchito ndani?

Makampani akuluakulu amene mumawamva pa wailesi kawirikawiri salemba okha madalaivala a mathiraki. Amapereka kontirakiti ku kampani yomanga, nayonso imabwereka kampani ya mtengatenga, ndipo yomalizayi ndiyo imalemba dalaivala. Choncho kalata yokhala ndi chizindikiro cha kampani yaikulu, yokulonjezani ntchito musanayesedwe n'komwe, ikhale yokukayikitsani.

Dziwaninso kuti mayiko a mafuta amaika nzika zawo patsogolo. Ku Uganda, mwachitsanzo, malamulo anasungira makampani a m'dzikolo ntchito ya mtengatenga pa nkhani za mafuta. Mlendo amabwera pambuyo pamzere.

Zimene amafuna kwa dalaivala

Choyamba ndi laisensi ya galimoto lalikulu lokoka ngolo. M'mayiko ena a SADC imalembedwa CE, ku South Africa EC. Chachiwiri ndi chilolezo cha dalaivala wa ntchito. Ku South Africa chimatchedwa PrDP, ndipo gulu D, lonyamula katundu woopsa, limaperekedwa kwa munthu wa zaka 25 kapena kuposerapo. Chachitatu ndi umboni wakuti munayendetsapo thiraki: kalata ya bwana wanu wakale yokhala ndi nambala yoti angaimbe. Pamwamba pa izi adzakupimani maso ndi magazi, ndipo adzakuyesani pamsewu.

Pamafunikanso maphunziro a katundu woopsa. Dalaivala ayenera kudziwa kuti nambala 1203 pa tankala ndi petulo, 1202 ndi dizilo, 1267 ndi mafuta osayenga. Ayenera kudziwa kuti tankala yosadzaza ndi yoopsa, chifukwa zamadzi zimakhavukira kutsogolo ukaponda buleki, ndipo pokhota zimatha kugubuduza galimoto. Pothira kapena potsitsa mafuta amamangirira waya wopita pansi, kuti mphamvu ya magetsi yobwera chifukwa cha kukhulana isayambitse moto. Pazitsime zina pamatuluka mpweya wa H2S. Ukakhala wochepa umanunkha ngati dzira lovunda, koma ukachuluka mphuno imasiya kuumva, ndipo umapha msanga.

Mwambo wa kumeneko ndi wokhwima. Pachipata amakuuziritsani kachipangizo koyeza mowa. M'galimoto muli makina olemba liwiro lanu ndi maola amene mwayenda. Kugwira foni mukuyendetsa kapena kukweza munthu panjira kukhoza kukuchotsetsani ntchito tsiku lomwelo.

Vuto lathu ife othawa kwathu

Ngakhale muli ndi zonsezi, patsala funso lalikulu: kodi malamulo a dziko limene mukukhala akukulolani kugwira ntchito ndi kutuluka pamsasa? Mayiko amasiyana. Lamulo la ku Uganda la 2006 limalola othawa kwawo kugwira ntchito. Ku Malawi lamulo ndi lakuti tizikhala pamsasa, ndipo mu 2023 boma linabwezera ku Dzaleka anthu amene ankakhala m'matauni. Dalaivala wodutsa malire amafunikanso chiphaso choyendera, chimene kwa ife ndi Convention Travel Document. Kuwoloka malire mozemba kungakugwetseni m'ndende, kungasokonezenso nkhani yanu imene ili kale ku ofesi, pamodzi ndi ya banja lanu.

Kuzindikira wakuba

Ndili mnyamata, inenso ndinapatsa munthu wina ndalama kuti andipezere malo pa tankala. Anandiuza kuti ndikamudikire pachipata cha depoti Lolemba. Ndinakhalapo masiku atatu, ndipo alonda sankamudziwa. Kuyambira pamenepo ndimayang'ana zinthu zinayi: akufuna ndalama ntchito isanayambe; akukufulumizitsani kuti malo atha lero; sakutchula ofesi imene mungafikeko; akufuna kukusungirani zikalata zanu. Chachinayichi ndicho choopsa kwambiri, chifukwa ndi mmene ogulitsa anthu amakolera munthu kuti asathe kuthawa. Paja akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Poyambira pabwino

Pitani kaye ku ofesi yoona za malamulo ndi chitetezo pamsasa pano, mukafunse za ufulu wanu wogwira ntchito, komanso ngati laisensi ya kwanu ingasinthidwe kukhala ya dziko lino. Funsani ku ofesi ya maphunziro a ntchito zamanja ngati pali mwayi wophunzira kuyendetsa kapena umakaniko. Jambulani laisensi ndi makalata anu onse, zithunzizo muzisunge pabwino. Phunzirani Chingerezi, Chipwitikizi kapena Chiswahili chokwanira kuwerenga zikwangwani ndi kulemba lipoti. Ngati lamulo likulola, yambani ndi galimoto laling'ono kapena kukhala wothandiza dalaivala. Palibe amene amapatsidwa tankala asanaonetse kuti amasamala pa lole ya mchenga.

Uthenga wotere ukakufikani, musautumize kwa anzanu. Kauonetseni ku ofesi. Mnyamata uja anamvera, ndipo njinga yake akadali nayo.