Mabuku a pa Nyumba Afuna Malo Ao ndi Kaundula

M'nyumba zambiri za m'midzi muli mabuku oposa amene eni ake aganizira: Buku Lopatulika, buku la nyimbo, mabuku a sukulu amene ana anatsiriza, timabuku ta alangizi a zaulimi, mwinanso Nthondo, nthano ya Samuel Josia Nthara ya m'caka ca 1933. Koma ambiri ali m'sutikesi pansi pa bedi kapena otsomekedwa kudenga, kumene ciswe, makoswe ndi mvula yodontha ziwatsiriza pang'ono-pang'ono. Sukulu zikatsegulidwa, kholo ligulanso buku limene linalimo kale m'nyumba.

Nchito yoyamba ndiyo kupatula mabuku monga mwa nkhani zake. Malaibulale ambiri atsata njira imene Melvil Dewey wa ku America anafalitsa mu 1876. Iye anagawa nzeru zonse m'magulu khumi: za cipembedzo zipatsidwa nambala 200, za zinenero 400, za luso 600, momwe ulimi ukhala pa 630, nthano ndi ndakatulo 800, ndipo mbiri 900. Banja la mabuku makumi atatu silifunika manambala onsewa. Magulu anai akwanira: a cipembedzo, a sukulu, a ulimi ndi umoyo, ndi a nthano.

Kenaka pafunika kaundula. M'buku lolembamo la ana a sukulu, buku liri lonse lipatsidwa mzere wake: nambala, dzina la buku, wolemba ndi gulu. Nambala yomweyo ilembedwanso m'kati mwa cikuto, pamodzi ndi dzina la banja. Masamba akumapeto asungidwira obwereka, pakuti mabuku ambiri atayikira m'manja mwa anansi. Wobwereka alembedwa dzina ndi tsiku, ndipo akabweza dzinalo lifafanizidwa iye alipo.

Mabuku aimikidwa pa thabwa lokwezeka, losakhudza cipupa ca dothi cimene ciswe cikwererapo, ndiponso kutali ndi utsi wa moto. Buku lonyowa liumitsidwa pa mthunzi lotsegula, cifukwa dzuwa lipinda masamba, ndipo siliikidwa m'pulasitiki lisanaume, kuopa nkhungu. Mvula isanayambe, onse atulutsidwa, apukutidwa ndi kuwerengedwa mofananiza ndi kaundula.

Nchito yosunga kaundulayu iyenera mwana amene wadziwa kale kulemba. Iye adziwa pamene buku liri lonse liri, ndipo buku la mkulu wake lifika m'manja mwa mng'ono wake masamba ali athunthu.