Liu Lachingerezi "Gnaw": Tanthauzo Lake ndi Kamasuliridwe Kake

Munthu amene adagonapo pafupi ndi nkhokwe ya mtedza kuno ku Mchinji, pa miyezi ya Juni ndi Julaye zokolola zitalowa, amalidziwa phokoso lina laling'ono lomveka pakati pa usiku. Silikula, silifulumira, komanso silileka. Mukatsokomola limayamba lati zii, kenaka nkuyambiranso pomwe lidalekera. Kukacha mupeza makoko obooka ndi tinyenyeswa pansi. Ntchito imene khoswe wagwira usiku umenewo Angerezi amaitchula ndi liu limodzi lalifupi, ndilo "gnaw". Chiyambire 1939, pamene Seminale Yaikulu ya Kachebere idatsegulidwa pa malire ano ndi kuyamba kulandira ophunzira ochokera ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia, wansembe wa kuno wakhala munthu wowerenga m'chilankhulo china ndi kulalika m'china. Liu ili ndi limodzi mwa mau amene amavulala pa ulendo umenewu, pakuti ambiri timangolimasulira kuti "kutafuna" kapena "kudya", osazindikira kuti potero tataya mtima wake.

Tiyambe ndi katchulidwe. Lemba la g loyambalo silimveka konse, monganso k wa mu "knee" ndi "know". Mngerezi wa ku England amalitchula chimodzimodzi ndi "nor". Kale lembalo linkamveka, popeza liuli lidachokera ku "gnagan" wa Chingerezi chamakedzana, ndipo mbale wake m'Chijeremani ndi "nagen". Ponena za zochitika kale timati "gnawed".

Tsono tanthauzo lake. Chinthu chochitidwa "gnaw" chimakhala cholimba, chosatheka kuchiluma kamodzi nkumeza: fupa, mtengo, chingwe, chikopa chouma. Mano amachipala pang'onopang'ono pamalo amodzimodzi, ndipo ntchitoyo imatenga nthawi. Kukhuta sikuli m'kati mwa liuli ai. Khoswe amene waboola chitseko kapena kudula waya wa magetsi sadadye kanthu, komabe wachita "gnaw". Chifukwa chake chili m'kamwa mwake. Mano ake anai akutsogolo amakula moyo wake wonse, mamilimita 2 kapena kupitirirapo pa sabata, choncho ayenera kumaperesedwa kosalekeza. Kumaso kwa dzinolo nkolimba koposa kumbuyo kwake. Kumbuyoko kumatha msanga, ndipo dzino limatsala lakuthwa ngati sompho. Nyama zonse za mano otere, monga mbewa, fuko, nchenzi, gologolo ndi nungu, akatswiri adazipatsa dzina limodzi loti Rodentia, kuchokera ku liu la Chilatini "rodere", limene ndilo "gnaw" wa Aroma. Alenje amadziwa kuti pa una wa nungu pamapezeka mafupa opalidwapalidwa, chonsecho nungu si nyama yosaka. Ku "rodere" komweko kudachokeranso "erode", liu lonena za madzi okokolola nthaka, ndi "corrode", la dzimbiri lodya chitsulo.

Chichewa sichidasauke pa nkhani imeneyi; chimene chidachita ndi kugawa ntchitoyo kwa eni ake. Galu amakukuta fupa, ndipo mwana amakukuta chimanga chokazinga. Mbewa imateketa thumba. Chimanga cholowedwa anankafumbwe timati chafumbwa. Ng'ombe ikagona pamthunzi nkumabweza msipu kukamwa, imabzikula, ndipo pamenepa Mngerezi sanena "gnaw" koma "ruminate". Kutafuna ndi "chew", ntchito ya mano akumbuyo pa chakudya chimene chili kale m'kamwa. Womasulira tsono ayambe wafunsa kuti mwini manowo ndani, ndipo akulimbana ndi chiyani. Akatero, liu loyenera lidzabwera lokha.

Timau totsatira mneniyu timasinthanso chithunzi. "Gnaw at" ndi kulimbana ndi chinthu osachimaliza. "Gnaw through" ndi kuboola mpaka kutulukira kuseri. "Gnaw away" ndi kuchepetsa chinthucho mpaka chitatha. Kusiyana kumeneku sikochepa kwa mlimi: pa liu loyambalo thumba likadali ndi mtedza wake, pa lachiwirilo khoswe walowa kale.

Koma kumene liuli limagwira ntchito yaikulu ndi kumene kulibe mano. Angerezi amanena za "gnawing hunger", "gnawing pain" ndi "gnawing doubt", kutanthauza njala, ululu ndi chikaiko zimene sizigwetsa munthu tsiku limodzi koma zimamudya m'kati usana ndi usiku. Njala yotere si ija ya mnyamata wochedwa kulandira nsima. Ndi ija imene boma lino lidaiona kumayambiriro kwa 2002, imene bungwe la Save the Children lidachenjezeratu kumapeto kwa 2001 litayendera midzi ya ku Mchinji: chakudya chinkachepa lero ndi mawa, anthu nkumadyera madeya ndi zitsa za nthochi, thupi nkumatha mosaoneka. Kunena kuti "njala yotafuna" nkusekesa anthu. Tinene kuti njala yosautsa, yodya munthu pang'onopang'ono. Za chikumbumtima nazo zili chomwecho. Liu loti "remorse" lidachokera ku "remordere", kuluma kobwereza, ndipo mu 1340 mmonke wa ku Canterbury, Michael wa ku Northgate, adatcha buku lake Ayenbite of Inwyt, ndiye kuti kulumanso kwa chikumbumtima. Wansembe aliyense amene adamvetserapo munthu wosunga mlandu mumtima zaka makumi awiri adzavomereza kuti dzinali lidalasa.

Pali msampha wina wofunika kuupewa. "Gnaw" si "gnash". Lachiwirili limanena za mano okhulana okhaokha chifukwa cha ukali kapena ululu, popanda kanthu pakati pao. Msamphawo ngwoopsa kwa ife chifukwa m'Chichewa onse awiri amakumana pa mneni mmodzi: kukukuta fupa ndi kukukuta mano. Pa Mateyo 8:12 Chingerezi chili ndi "gnash"; pa Chivumbulutso 16:10, pamene anthu akudziluma malilime chifukwa cha ululu, Baibulo la King James la 1611 lili ndi "gnaw".

Malo amene liuli limautsa mkangano weniweni ndi mutu 6 wa Mthenga Wabwino wa Yoane. Kufikira ndime 53, ponena za kudya, mlembi akugwiritsa ntchito mneni wamba wa Chigriki, "phagein". Pa ndime 54, 56, 57 ndi 58 akusintha nkulemba "trogein", mneni amene kwa alembi akale a Chigriki ankanena kawirikawiri za nyama zodya msipu kapena anthu okukuta zipatso ndi zakudya zosaphika. Nchifukwa chake mau ofotokozera a m'munsi mwa tsamba mu New American Bible amatchula "munch" ndi "gnaw". Alaliki ena adalikonda liuli kwambiri, namaphunzitsa kuti Yoane adasankha dala mau aukali kuti pasakhale woganiza kuti kudyako nkophiphiritsa chabe.

Maganizo amenewa ali ndi maziko, koma tisawasenzetse katundu woposa mphamvu zao. Mneniyu amapezeka kasanu ndi kamodzi kokha m'Chipangano Chatsopano. Pa Mateyo 24:38 akunena za anthu a nthawi ya Nowa amene ankangodya monga mwa masiku onse. Pa Yoane 13:18, pobwereza mau a Salmo 41 onena za bwenzi lodya nalo pamodzi, mlembi akuika "trogein" pamene Chigriki cha Septuaginta chili ndi mneni wamba "esthiein", umene Yoane saugwiritsa ntchito paliponse. Zikuoneka tsono kuti pa nthawi yake liuli linali litayamba kale kufewa, ndipo Agriki a lero amalinena pa kudya kulikonse. Chilatini chidayenda njira yomweyo: "manducare", limene Vulgata idaika pa ndime zonse za Yoanezi mosasiyanitsa, poyamba linali kutafuna, ndipo ndilo lidabala "manger" wa Chifalansa. Raymond Brown, m'buku lake la 1966 lofotokoza Mthenga wa Yoane, adadzera pakati nasankha "feed on".

Ife tikuona kuti "gnaw" sakwanira pa ndime zimenezi, chifukwa chimene tanena poyamba paja: liuli silisamala za kumeza ndi kukhuta, pamene nkhani yonse ya mutu 6 ndi ya chakudya chopatsa moyo. "Kukukuta" nakonso kungabweretse galu ndi fupa lake m'maganizo a akhristu a ku Guillime kapena ku Mkanda. Pa guwa tisiye "kudya" pamalo pake. M'kalasi ndi pa maphunziro a makatekisti, pamene pali mpata wofotokoza, tingathe kutchula "kutafuna", ndi kuonjeza kuti mneniyo Yoane adamulemba m'kalembedwe konena za munthu amene amadya nthawi ndi nthawi, osati kamodzi kokha.