Phungu akagwa pachisankho, pa envelopu tilembepo chiyani?

Chisankho chikangodutsa, funso lomwe limafika kawirikawiri patebulo panga ndi lakuti: bwana agwa aja tiziwalembera bwanji? Ofunsa amakhala a komiti ya sukulu, a mpingo, ngakhale a ukwati. Onsewo mantha awo ndi amodzi, kukhumudwitsa munthu amene akufuna kumupempha matumba a simenti.

Ife amene timakonza makalata a muofesi ndi mndandanda wa alendo pamisonkhano timayamba tasiyanitsa za mpando ndi za munthu. Zilembo za MP n'za mpando. Mpandowo ukapita kwa wina, zilembozo zimapita nawo, ndipo kuzilembabe kumapeto kwa dzina la phungu wakale n'kulanda za amene anthu amuvotera kumene. Koma udokotala, ubusa, ushehe kapena ufumu n'zake munthuyo. Zimenezo musazikhudze.

Povuta m'pa "Olemekezeka". Mayiko sachita zofanana. Ku America, amene anakhalapo mu Congress amalembedwa "The Honorable" mpaka imfa. Ku Britain, phungu wamba amangokhala ndi MP basi. "The Right Honourable" amapatsidwa a m'bungwe la alangizi a mfumu la Privy Council, ndipo iwowo amakhala nayo moyo wonse. Kuno kwathu chizolowezi ndicho chinakula mphamvu. Pamaliro woyendetsa mwambo amaitana "Olemekezeka" munthu amene anatsanzika ku Nyumba ya Malamulo mu 2004, ndipo palibe amadabwa. Ine sindilimbana nazo, bola mzere wotsatira unene zoona. Pamwamba lembani "Olemekezeka Mayi Uje", pansi pake "Phungu wakale wa dera lakutilakuti". M'kalata ya zamalonda kapena ya ngongole, "Mayi Uje" akwanira.

Dzina la deralo muzilisamala. Pachisankho cha pa 16 September 2025 madera anachoka pa 193 kufika pa 229, malire anasuntha ndipo mayina ena anasintha. Lembani dzina la dera monga linalili pamene iwo ankaliimira, osati la lero, chifukwa la lerolo lili ndi mwini wake.

M'kati mwa kalata, "Okondedwa Mayi Uje" alibe vuto. Ngati anapeza udindo wina, kaya ukazembe kaya wapampando wa bungwe, ndipo nkhani yanu ikukhudza udindowo, yambani ndi umenewo, za uphungu zisiyeni. Kalatayo musaitumize ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Funsani komwe akukhala tsopano.

Ndipo mukawaitana onse awiri pamwambo umodzi, phungu wakale ndi watsopano, pamndandanda amatsogola ndi watsopanoyo, ngakhale atakhala mwana wamng'ono kwa mnzakeyo. Apa mpomwe makomiti ambiri amatuluka thukuta, makamaka ngati simenti ija anagula ndi wakaleyo.