Khadi Lofooka Nalonso Lili ndi Tsiku Lake

Nkhani ya lero ikuchokera ku dziko la America, kumene m'chaka cha 1993 katswiri wa masamu, Richard Garfield, anatulutsa maseŵera a makhadi otchedwa Magic: The Gathering. Pa maseŵeraŵa anthu aŵiri amalimbana, aliyense ali ndi mulu wa makhadi odzisankhira yekha. Woseŵera amayamba ndi mapointi 20 a moyo, ndipo amene mapointi ake atha, wagonja.

Mwa makhadi oyambirira munali asanu apachibale, a mtengo wofanana, ndipo lililonse limachita chinthu chake katatu. Lightning Bolt limavulaza ndi mapointi 3. Ancestral Recall limapatsa munthu makhadi 3 atsopano, ndipo n'lamphamvu kotero kuti mipikisano yambiri inaliletsa. Koma Healing Salve limangowonjezera mapointi 3 a moyo, kapena kutchinga mapointi 3 a chivulazo. Akatswiri ambiri amaliyesa lofooka koposa onse asanu.

Chifukwa chake n'chomveka. Khadi lovulaza limagwira ntchito nthaŵi iliyonse, pamene lotchinga limadikira kuti mdani ayambe waponya. Munthu akaligwiritsa ntchito pongowonjezera moyo, khadi lamuthera m'manja koma zilombo za mdani zikadali pabwalo, zokonzeka kuluma kachiŵiri.

Komabe pali nthaŵi pamene khadili limapindulitsa. Zilombo ziŵiri zikakumana, chilichonse chokhala ndi mphamvu 3 ndi kulimba 3, zonse zimayenera kufa. Woseŵera wochenjera amaponya Healing Salve nkhondo ili pakati: chilombo chake chimapulumuka, cha mdani n'kufa chokha. Momwemonso, mdani akaponya Lightning Bolt pa chilombo chofunika, khadi lonyozekali limazimitsa mphenziyo pa mtengo womwewo. Luso lagona pa kudekha ndi kudziŵa nthaŵi yoponyera.

Phindu lina ndi la maphunziro. M'chaka cha 2002, Mark Rosewater, mmodzi wa okonza maseŵeraŵa ku kampani ya Wizards of the Coast, analemba nkhani yofotokoza kuti makhadi ofooka amaikidwamo dala, mwa zina, kuti oseŵera aphunzire kusiyanitsa chabwino ndi chongooneka chabwino. Wophunzira amakonda kuteteza moyo wake. Akagonja kangapo, amazindikira kuti wopambana ndi amene walamulira bwalo.

Choncho Healing Salve silipezeka kaŵirikaŵiri m'milu ya akatswiri, koma woseŵera angathe kuphunzira kuŵerengera phindu la khadi atayamba waluza nalo.